Sabina Sanapite ku Mangalande

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti ntchito ya Welofeya inali yotani kwenikweni, popeza inu munkangoona amayi anu akuchoka m'mawa pa njinga n'kubwera madzulo ali fumbi lokhalokha. Tsopano ndapuma, ndakhala pansi kuno ku Nabvutika, ndipo maso akadaona, ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga agogo anu anakuuzani kale, mwinanso anawonjezera. Ine ndiyambira pamene ndinalowa ntchito.

1954

Ndinalembedwa ntchito pa boma la Fort Jameson, kumene lero mukuti Chipata, Chitaganya cha mayiko atatu chija chitangoyamba kumene. Ndinali nditamaliza Sitandade 6 kwa asisitere, ndipo boma linkafuna mtsikana wodziwa Chingelezi woti azimasulira ndi kuyendera mabanja. Ofesi yathu inali kachipinda kuseri kwa boma, momwe kale ankasungiramo matumba a chimanga. Chimangacho chinachoka, koma anankafumbwe anatsala, ndipo ankayenda pa tebulo ngati nawonso analembedwa ntchito.

Bwana wanga woyamba tinkamutcha Bwana Changu. Anali mzungu wamtali, wowerama pang'ono, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ija. Chinyanja anachiphunzira kwa asilikali, choncho aliyense, kaya ndi nkhalamba kaya ndi wansembe, ankamulankhula ngati ali pa perete. Sanali munthu wankhanza. Vuto lake linali lakuti ankafuna nkhani iliyonse ithe tsiku lomwelo. Ntchito yathu inali ya akhungu, akhate, okalamba osowa owasamala, ndi ana amasiye. Zipangizo panalibe. Njinga inali imodzi, ya ine ndi mesenjala, ndipo matayala ake akaphulika tinkadikira mpaka masitolo a Amwenye alandire katundu. Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali mkaka wa m'zitini. Mayi akamwalira pobereka, khandalo moyo wake unkadalira mkaka umenewo, koma unkabwera kuchokera ku Lusaka pamene wafunira, ndipo nthawi ya dzinja msewu ukaduka sunkabwera n'komwe. Ana ena tinawataya chifukwa cha zimenezo.

1956 mpaka 1959

Zaka zimenezi ndinapatsidwa ntchito ina, yoperekeza ana. M'mafamu a fodya ozungulira boma munali ana obadwa kwa azungu ndi amayi akuda, amene anthu ankawatcha makaladi. Abambo awo ambiri anali atachoka, ena ankawakana. Maganizo a boma anali akuti ana oterewa asakulire kumudzi, koma apite ku nyumba zolerera ana ku Rhodesia wa kumwera. Kumeneko ena ankaphunzira, ena ankatengedwa ndi mabanja a kumeneko kapena a ku Joni. Bwana Changu ankaitanitsa mayi wa mwana kapena malume wake n'kunena kuti, “Auze kuti mwana akaleredwa bwino, akadya bwino, akaphunzira sukulu.” Ine ndinkamasulira, iwo n'kudinda chala. Kwathu kupereka mwana kuti akaleredwe kwa ena si chachilendo. Mwana amapita kwa azakhali ake, amakula, amabwerera. Makolo aja ankamva choncho, ndipo inenso panthawiyo ndinkadziwa zomwezo basi.

Ulendo wake unali wotopetsa. Tinkakwera basi ya ku Lusaka pa msewu wafumbi, kutsetsereka mapiri a ku Luangwa ana akusanza, kugona panjira, kenako sitima ya pamtunda yowoloka Zambezi. Ndinkatenga mbatata zootcha ndi nthochi, ndi chitenje chapadera chopukutira. Tikafika ndinkawasiya m'manja mwa oyang'anira, iwo n'kundipatsa tiyi, ine n'kubwerera. Ana aang'ono ankalira. Okulirapo ankangondiyang'ana.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wochokera cha ku Chadiza. Anakhala pansi pakhomo la ofesi, miyendo atatambasula, n'kundiuza kuti, “Mayi, sukulu zonse zatsekera, ana a anzanga abwera. Wanga sanabwere.” Ndinamufotokozera Bwana Changu, ndipo iye anati, “Muuze kuti mwana sali kunja. Ali m'Chitaganya momwemuno, dziko ndi limodzi.” Nditamasulira, mayi uja anaganiza pang'ono n'kuti, “Ngati ndi momwemuno, andilozere njira ndiyende wapansi.” Bwana anamupatsa sopo ndi mchere, mayiyo n'kubwerera kwawo. Umo ndi mmene nkhani zinkathera masiku amenewo.

1960

Chaka chimene ndinakwatiwa ndi abambo anu ndi chimenenso Bwana Changu anapuma. M'malo mwake munabwera mayi wachizungu wosakwatiwa, wamfupi, amene tinamutcha Dona Magalasi. Ameneyu sanali wofewa. Tiyi ankamwa yekha, ndipo ukachedwa ankayang'ana wotchi osakuyang'ana iwe. Koma anali ndi khalidwe lofunsa. Atangofika anandifunsa kuti, “Ana amene munaperekeza aja ali kuti tsopano?” Ndinayankha kuti sindikudziwa. Anafunsa ngati alipo amene akudziwa pa boma lonse, ndipo panalibe. Analemba makalata kumwera. Mayankho atabwera tinamva kuti ena ali pasukulu ndipo ali bwino, ena anatengedwa ndi mabanja n'kusinthidwa maina, ndipo za amenewo lamulo silinkalola kuti tiuzidwe komwe ali.

Apa m'pamene Dona Magalasi anandikhazika pansi n'kundifotokozera chimene lamulo lachizungu limatanthauza banja likatenga mwana kudzera kukhoti. Ndinamuuza kuti m'Chinyanja mulibe mawu a chinthu chimenecho, chifukwa chinthucho kwathu kulibe. Anati, “Ndiye muzichifotokoza chonse, ngakhale chitenge tsiku lathunthu.” Tinagwirizana kuti mwana asachokenso m'boma lathu kupita dziko lina tisanafufuze ngati pali wachibale woti angamulere. Abale aziuzidwa zonse kumudzi kwawo, osati mu ofesi, ndipo ofuna mwanayo asakhalepo. Anawonjezera kuti ndizipitako kawiri, papite masabata pakati, kuti anthu akhale ndi mpata wokambirana paokha. Ine ndinapempha kuti tizifunsa mwini mbumba, osangoti aliyense amene wapezeka pakhomo, chifukwa kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Akuluakulu a ku Lusaka anayankha kuti njira imeneyi ndi yochedwetsa ntchito ndipo mafuta a galimoto palibe. Dona anati tizipita pa njinga. Wopalasa njingayo ndinali ine.

1962

Nkhani imene inandivuta kuposa zonse pa ntchito yanga inabwera chaka chimenechi. Zinali zitaonekeratu kuti Chitaganya chikutha, ndipo azungu ambiri anali atayamba kumanga katundu. Mmodzi mwa iwo anali bwana wa zamalimidwe, amene ankaphunzitsa alimi za thonje ndi nsawa. Iye ndi mkazi wake, Dona Helena, analibe mwana wobereka okha, koma m'nyumba mwawo munali kamtsikana kakuda ka zaka zisanu, dzina lake Sabina. Mayi ake a Sabina, a m'mudzi wina wa ku Madzimoyo, anamwalira pomubereka. Bambo ake anali atapita ku migodi ku Joni ndipo anatchona. Nthawi imeneyo mkaka unali utasowa, ndiye Dona Helena anapempha khandalo kuti alisamale, amalume ake n'kuvomera. Ali ndi zaka ziwiri Sabina anadwala poliyo, mwendo wamanzere n'kufota. Tsopano banjalo linkafuna kumutenga mwalamulo kuti lipite naye ku Mangalande, kumene madokotala ankati akhoza kumuchita opaleshoni.

Ndinayamba ndi kunyumba kwa azunguwo, kumtunda kwa tauni. Ndinapeza Sabina pa khonde akusewera ndi galu, akudzikoka ndi kandodo. Anali mwana wonenepa, waukhondo, wolongolola. Ankalankhula Chingelezi, Chinyanja chake chinali cha kukhitchini, ndipo ankatcha Dona Helena kuti Mami. Donayo anandilandira bwino, anandikhazika pa mpando, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri m'nyumba zotere. Anati, “Ndinamulandira ali ngati kamwana ka mphaka. Atadwala, amene anali pambali pake ndine. Abale ake abwera kangati kudzamuona?” Ndinali nditafunsa kale kwa wophika, choncho ndinayankha kuti, “Ankabwera, Dona, makamaka akakolola. Koma ankaimitsidwa kukhomo la kukhitchini, mwana n'kumuonera patali. Kenako anasiya.”  Donayo anati sankadziwa kuti zinkawapweteka, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona.

Ku Madzimoyo ndinapeza amalume a mwanayo, a Yakobo Mbewe, ali pansi pa mtengo wa mango akusenda nsawa pamodzi ndi mlongo wawo Rozalia, mng'ono wa malemu. Anali anthu a mpingo, olima chimanga ndi thonje pang'ono, osauka monga anzawo onse. Nditanena chimene ndabwerera, a Mbewe sanavute. Anati, “Apite. Akaphunzire, akachire, adzabwera ali dona, adzatithandiza.”

Ndinati, “Bambo, ndiloleni ndifotokoze bwino, chifukwa si kulera kumene timadziwa ife. Khoti likavomera, mwanayo asanduka wawo ngati anabereka okha. Dzina la Mbewe lichoka. Pamaso pa lamulo inu simukhalanso amalume ake, awanso sakhalanso amayi ake aang'ono. Akadzafuna kukwatiwa sadzabwera kwa inu. Mukadwala palibe adzamuuze, ndipo iye akadzamwalira kumeneko maliro ake simudzawamva.”

A Mbewe anasiya kusenda. Anafunsa ngati azunguwo ndi amene anena zimenezi, ndipo ndinati ayi, ndi lamulo, ndipo ngakhale iwo atafuna kuchita mwina lamulo likhala lomwelo. Anapukuta manja pa kabudula n'kuti, “Ife tinapereka mwana kuti akamwe mkaka. Sitinapereke mbumba.”

Apa Rozalia anatembenukira kwa ine. Anandifunsa kuti, “Mayi, kumeneko akayenda?”

Ndinati, “Madokotala akuti mwina akayenda ndi zitsulo, popanda ndodo. Sanalonjeze.”

Anatembenukira kwa mlongo wake. “Achimwene, inu mukunena za mbumba, koma wodzamubereka kumsana ndine. Mwana wa kwa a Sakala uja mukumuona mmene amakwawira kupita kutchalitchi, mawondo ali zipsera. Mukufuna mwana wa malemu adzakhale choncho? Ine ndikuti apite.”

“Iwe Rozalia, ndiye amayi ake tikawauza chiyani kumanda?”

“Tikawauza kuti akuyenda.”

Ndinawasiya akukangana. M'masabata otsatira ndinafufuza abale a bambo ake a Sabina. Ndinapeza mkulu wawo, wa mtundu wa Angoni, amene anati malowolo sanaperekedwe, choncho iwo alibe mawu pa mwanayo. Nditabwerera ku Madzimoyo kachiwiri ndinapeza banja lonse litakambirana, ndipo mawu awo anali amodzi. Sabina apite akachiritsidwe, akaphunzire, akhale ndi azunguwo zaka zonse zimene afuna, koma dzina lake likhale lomwelo, adziwe kwawo, ndipo akakula adzabwere kudzaona manda a amayi ake. Rozalia nayenso anati mawuwo ndi akenso. Poperekeza njinga yanga anandinong'oneza kuti, “Koma zikavuta, mayi, musaiwale zimene ndinanena tsiku lija.”

Ine ndinaona kuti zimene banja likupempha n'zanzeru, ndipo Dona Magalasi anavomereza. Bwana wa zamalimidwe anati iye alibe vuto. Dona Helena analira, n'kunena kuti kulera mwana uku ukudziwa kuti udzamubweza n'kovuta, koma pamapeto pake anavomera. Tinalemba kalata kwa akuluakulu a boma kufunsa ngati mwana angapite motero, ali m'manja mwawo koma osadulidwa kwa abale ake. Yankho linachedwa, ndipo litabwera linati mwana amene si wawo mwalamulo sangaloledwe kukakhazikika nawo. Njira zinatsala ziwiri zokha, kumutenga kotheratu kapena kumusiya.

Lipoti la kukhoti ndinayenera kulemba ndine. Dona Magalasi anatseka chitseko n'kundiuza mosabisa kuti, “Amayi ake aang'ono anavomera pa ulendo woyamba, ndipo ndi iwo amene angamulere. Mukalemba zokhazo, woweruza safunsa zambiri, mwana apita. Mukalemba zonse, atsala. Amene munali kumudziko ndinu. Chimene mulembe ndisaina.” Nthawi imeneyo iwe Agnesi unali kumsana, ndipo ndikakusambitsa ndinkayang'ana timiyendo tako n'kumaganiza za mwendo wa Sabina. Ndinkadziwa kuti kumudzi kulibe dokotala, kuti sukulu ili kutali, ndiponso kuti azungu aja amamukondadi. Ndinkadziwanso kuti anthu aja ndinawauza ndekha tanthauzo la lamulo, iwo n'kumva, n'kukambirana, n'kukana. Ndikanalemba mwina, ndiye kuti maulendo onse a pa njinga aja anali ongonamizira, ndipo tikanabwerera ku sopo ndi mchere wa Bwana Changu. Ndinalemba zonse, kuphatikizapo mawu a Rozalia a tsiku loyamba ndi amene anandinong'oneza. Woweruza anaitana a Mbewe, anawafunsa yekha kudzera mwa womasulira wa khoti, ndipo anagamula kuti chilolezo cha banja palibe.

1963

Azunguwo anachedwetsa ulendo wawo ndi miyezi ingapo. Ndinapempha kuti Rozalia abwere adzakhale nawo kuti mwana amuzolowere, ndipo Dona Helena anamupatsa chipinda m'nyumba momwemo, osati kuseri. Amayi awiriwa sankamvana chilankhulo, koma ankasambitsa mwanayo limodzi. Tsiku lokamusiya tinapita pa galimoto ya boma, kumbuyo kuli bokosi la madiresi ndi nsapato. Titafika, Sabina anasangalala ndi mbuzi ndi ana anzake, mpaka anaona Dona Helena akulowera ku galimoto. Anataya kandodo n'kuyamba kukwawa kutsatira, akuitana m'Chingelezi. Rozalia anamunyamula. Bwana wa zamalimidwe anauza dalaivala kuti ayendetse. 

Ndinkapita kukamuona mwezi ndi mwezi. Poyamba anasiya kulankhula, anaonda, ndipo chakudya cha kumudzi chinkamutsegula m'mimba. Mvula itayamba anayamba kuyankha m'Chinyanja. Rozalia ankamubereka kupita naye kusukulu ya mishoni mpaka atalemera kwambiri, kenako a Mbewe anagula njinga yakale. Kuchipatala cha mishoni anamupangira zitsulo za mwendo, koma atakula zinachepa ndipo zina sizinapezeke, choncho anabwerera ku ndodo. Maphukusi ochokera ku Mangalande ankabwera pa Khirisimasi kwa zaka zingapo, kenako anasiya, sindikudziwa chifukwa chake.

Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963. Dziko litalandira ufulu Dona Magalasi anabwerera kwawo, tebulo lake n'kukhala langa. Njira yathu ija ndinaipitiriza, ndipo atsikana onse amene ndinawaphunzitsa ntchito ndinkawatuma kumudzi kawiri. Ana ena anapitabe kunja m'zaka zotsatira, abale awo atamva zonse n'kuvomera, ndipo amenewo ndinkawasainira ndi mtima umodzi. Kenako ndinasamutsidwira ku Lundazi, ndipo za Sabina sindinamvenso kwa nthawi yaitali.

Nditabwerera ku Chipata

Panali patapita zaka zambiri, ndili pafupi kupuma, pamene ndinafuna telala wondisokera diresi la ukwati wa iwe Agnesi. Anzanga a kumpingo anandilozera kwa mayi wina wa pamsika wa Kapata, amene ankati sakhotetsa msoko. Ndinamupeza pa khonde la sitolo ali pa makina opukusa ndi dzanja, ndodo itatsamira khoma, kamnyamata kake kakudya chimanga pambali. Nditatchula dzina langa anaimitsa makina.

“Ndinu amayi a Welofeya aja? A njinga?”

Ndinati ndine.

“Ine ndine Sabina, wa kwa a Mbewe ku Madzimoyo. Amalume anandiuza kuti amene analemba kuti nditsale ndinu.”

Ndinati ndi zoona, ndinalemba zimene banja linanena. Sanaoneke wokwiya, komanso sanamwetulire. Anandipatsa mpando, n'kutenga nsalu yanga kuiyang'ana mbali zonse. Ndinafunsa za kumudzi. Anati a Mbewe akadalipo koma maso anafa, ndipo Rozalia anamwalira chaka chapitacho. Ndinafunsa za mwendo, iye n'kuti nthawi yozizira umapweteka mpaka m'chiuno.

Kenako anati, “Munafunsa amalume, munafunsa amayi aang'ono, munafunsa azungu aja. Ine munandifunsa?”

Ndinati, “Ayi. Munali ndi zaka zisanu.”

“Mukanandifunsa ndikanati ndipite. Ndinalira chaka chathunthu. Mpaka lero ndikaona munthu akuthamangira basi ndimaganiza kuti mwina ndikanakhala ine.” Anapinda nsalu ija pakati n'kuisalaza ndi chikhatho. “Koma amayi aang'ono atadwala ndinawasamala ndine, atamwalira ndinawasambitsa ndine. Anandibereka kumsana zaka zonse zija. Ndikanakhala kutsidya kwa nyanja, sindikanamva n'komwe kuti apita. Ndiye sindidziwa, amayi. Tsiku lina ndimaganiza uku, tsiku lina uku.”

Ndinati nanenso ndi chimodzimodzi.

Anagwira ndodo yake n'kuimirira, anachotsa tepi m'khosi, n'kuti, “Imani bwino, amayi, mukweze mikono. Ukwati ndi liti?”